Tsiku Limene Ndinanenerera Nyaope

Mu Pitoliya monse munalibe munthu wondiposa pa kunenerera mtengo. Funsani aliyense amene anafika kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi chikwama chimodzi. Akuuzani kuti ukafuna firiji yakale, njinga kapena mabulangete otumiza kumudzi, umayamba wafunafuna Filipo wa ku Ntcheu. Eni masitolo a ku Marabastad ankati akandiona ndikukhota pakona, ankayamba kudandaula ndisanatsegule pakamwa. Ndinkanena poyera kuti padziko pano palibe wogulitsa wosatsitsa, ndipo amene sanatsitsepo ndiye kuti sanakumane ndi ine.

Khalani bwino pamipandoyo, abale anga, ndikuuzeni za wogulitsa amene anakumana nane.

Luso langa linali ndi malamulo awiri okha. Loyamba: wogulitsa akatchula mtengo, usakangane naye nthawi yaitali. Chigwire chinthucho, chiyamikire, uuse moyo, uchibwezere pamalo pake, uzipita. Osatembenuka. Uziwerenga mapazi chamumtima. Usanafike khumi umva kumbuyo: "Malawi, bwera kuno, ukufuna ana anga agone ndi njala?" Ukabwerera, mtengo watsika. Lachiwiri: usachoke pamsika wopanda banyira, ndipo banyira ukapatsidwa sasiya. Musunge malamulo awiriwa, chifukwa ndi amene anandinyamula ulendo wonse mpaka pa machira.

Ku Joni anandiitana ndi achemwali anga, a Esinati. Mayi athu anamwalira ine ndikuyamwa, ndiye msana umene ndinakulirapo ndi wa achemwaliwo. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Ine ndinapeza ntchito ku Silverton, pamalo okonzera mafiriji ndi masitovu, ndipo ndinkakhala ndekha m'kanyumba ka malata ku Mamelodi. Loweruka ndinali bwana wa msika, anthu akunditsata pambuyo ngati nkhuku ndi anapiye. Lamlungu ndinkadya kwa achemwali. Masiku ena onse ndinkalankhula ndi khoma. Zimenezi sindinkauza munthu. Munthu wodziwika ndi Marabastad yonse angadandaule bwanji kuti akusowa wocheza naye?

Tsiku lina tikutsitsa firiji pa baki, kagalimoto konyamula katundu, mnzanga anataya mbali yake, kulemera konse n'kutsikira pamsana panga. Ku chipatala ndinaopa, poti mapepala anga sanali olongosoka. Ndinapita ku famase n'kugula mapiritsi a ululu, aja okhala ndi kodini. Ndinamwa awiri. Msana unakhala chete. Koma mapiritsiwo anachotsanso chinthu china chimene sindinkadziwa kuti chimawawa. Ndinakhala pabedi n'kuona kuti khoma lija si loipa kwenikweni, kuti kumudzi si kutali, kuti palibe amene ndikumusowa. Zaka zitatu ndili ku Joni, limenelo ndi tsiku loyamba limene ndinamva ngati ndafika.

Msana unapola patapita mwezi. Mapiritsi sindinawauze.

Awiri anasanduka anayi, anayi anasanduka dzanja lodzaza. A m'mafamase anayamba kundizindikira nkhope, ine n'kumasinthasintha ngati munthu wosamuka lendi. Ndiye pafupi ndi siteshoni ya ku Silverton ndinakumana ndi Bra Sello, munthu waulemu kwambiri, wa nsapato zoyera. Anali ndi ufa wina umene ankauwaza mu chamba. Dzina loti nyaope linali likungoyamba kumveka m'makomboni nthawi imeneyo, ndipo ambiri sitinkadziwa kuti mkati mwake muli heroini, mkulu wake wa kodini uja. Woyamba anandipatsa ulere. Ine katswiri ndinachoka ndikuseka, ndikuti ndamudyera. Chinthu chaulere osanenerera n'komwe.

Apa ndithamanga, chifukwa ambiri a inu msewuwu mukuudziwa miyala yake. Ntchito inatha. Wailesi inapita, jekete inapita, bedi linapita. Tsiku lina mayi wina wa ku Balaka ananditenga kuti ndikamunenerere firiji, ine n'kugona chiimire pakati pa nkhani, dzanja lili pachitseko cha firijiyo. Nkhaniyo inafika ku Centurion ine ndisanadzuke. Anthu anasiya kundifuna. A kwathu ankati akandiona ankawoloka msewu, ena n'kuyamba kulankhula Chizulu kuti ndisawapatse moni. Utsi unasiya kukwana, ndinafika pa jakisoni. Ndipo mvetsani ichi: sindinkabayanso kuti ndimve kukoma. Kukoma kunatha kalekale. Ndinkabaya kuti ndithe kuimirira, kuti ndimange lamba, kuti ndikhale munthu wamba kwa maola ochepa. Muyezo unkakwera mwezi ndi mwezi, chimene ndinkalandira chikuchepa. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo malonda oipa chotero, ndipo ine ndiye ndinali kasitomala wake wokhulupirika.

Anatsala ndi achemwali okha. Ankandipatsira chakudya pa mpata wa geti.

Ndiye apolisi ananditola pa nkhani ya mapepala, ndinakhala m'chitolokosi masiku angapo. Ndinadwala mmenemo ngati galu wodya chiphe. Atanditulutsa ndinathamangira kwa Bra Sello, ndipo poti m'thumba munali mopepuka, ndinapeza kochepa kwambiri, koti kale sikakanandigwedeza n'komwe. Abale anga, kanandigwira ngati masiku oyamba aja. Ndinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kuseka ndekha. Ndinati: ohoo, kani nawenso umatsitsa? Kani munthu akachokapo umamuitana? Ndinaona ngati ndatulukira chinsinsi chimene osuta onse a mu Pitoliya anachiphonya. Vuto silinali mankhwala ayi. Vuto linali loti anthu sadziwa kunenerera. Masiku ochepa atsitsa chonchi, nanga mwezi wathunthu?

Koma kuchokapo mwezi wathunthu pafunika wokutsekera, wokuphikira, wokuchapira. Ndekha ndinkalephera tsiku lachiwiri. Disembala inali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti mabwana a achemwali amapita kunyanja masabata asanu. Ndinapita ku Queenswood, ndinagwada pa geti.

"Achemwali, ndatopa. Ndikufuna kusiya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe Filipo, pakamwa pakopo ndimapadziwa. Unagulitsa mbuzi yakhungu kwa amalume uli ndi zaka khumi ndi ziwiri."

"Inali ndi diso limodzi labwino."

"Usandiseketse. Madamu akamva kuti ndalowetsa munthu muno, ntchito yatha. Ukumva? Ana anga kumudzi akudya ntchito imeneyi."

"Ndikumva, achemwali."

"Ukunena zoona?"

Ndinalira. Misozi inali yeniyeni, poti chibaba chinali chitayamba kale, ndipo chibaba chimatulutsa misozi chokha. Anatsegula geti.

Amene munadutsamo mukudziwa. Kuyasamula kosatha, mamina, thukuta lozizira dzuwa likuswa mtengo. Khungu ngati nkhuku yososola. Miyendo ikumenya yokha. M'mimba motsegula, kusanza, mafupa ngati wina akuwapala ndi mpeni. Achemwali anandigoneka pabedi pawo, iwo n'kuyala pansi. Ankachapa nsalu zanga pamanja kawiri katatu pa tsiku, n'kuziyanika kuseri kuti wa m'gadeni wa nyumba yoyandikana asaone. Ankandimwetsa phala ndi supuni. Kiyi wa geti anamumanga pa chingwe n'kumuvala m'khosi. Ndikakuwa ankayatsa wailesi n'kumaimba nayo nyimbo za kutchalitchi mokweza, kuti anthu aziti mayi wa ku Malawi uja wadzazidwa.

Iwo ankawerenga masiku n'kumathokoza Mulungu. Inenso ndinkawerenga masiku omwewo, koma ngati mapazi. Limodzi, awiri, atatu. Osatembenuka. M'kachipinda kamodzi tinali anthu awiri, wina akupemphera, wina akunenerera. Pa zonse zimene ndinachita, kuba ndi kunama ndi kugona m'ngalande, chimenechi ndi chimene sindinadzikhululukire mpaka lero.

Sabata lachisanu ndinali nditanenepa pang'ono. Achemwali anandigulira shati yoyera. Lolemba m'mawa anavula chingwe chija m'khosi n'kundiveka.

"Pita ukafune ntchito ku Silverton. Ukabwera uzitsegula wekha, ine ndikhala ndikukolopa m'nyumba, mabwana afika Lachitatu. Sindingakutsekere moyo wonse."

Ku Silverton ndinapitadi. Pamenepo pokha sindinaname.

Bra Sello atandiona anavula chipewa. "Heita, Malawi. Ife timati anakutumiza kwanu m'bokosi."

"Ndinasiya, Bra. Ndangodutsa kudzapereka moni."

"Shati yabwino."

Anatchula mtengo. Ndinausa moyo, ndinatembenuka, ndinayamba kuyenda. Pa phazi lachisanu ndi chiwiri anandiitana. Ndinachoka ndi muyezo wanga wakale wonse, ndi kena pamwamba, ka banyira, koti ndi kondilandirira. Tsono nzeru yanga yonse inali yoti kochepa kakwana. Ndinavutikira masabata asanu chifukwa cha zimenezo. Koma nditakhala kuseri kwa mpanda wa fakitale ina, masana dzuwa lili pamutu, zonse zili m'manja, dzanja linachita zimene linazolowera. Ndinati kusunga n'kwa anthu osauka, ndipo banyira sasiya. Chomaliza chimene ndikukumbuka ndi fungo la chimanga chootcha.

Wootcha chimangayo ndi amene anandipulumutsa. Anali mayi wina amene ankagulitsa kwa antchito a m'mafakitale. Akuti anamva mkonono wachilendo kuseri kwa mpanda, wodukaduka, ndipo atasuzumira anaona milomo yanga yasanduka ngati phulusa. Anasiya mbaula yake n'kuthamangira kukaitanitsa ambulansi. Dzina lake sindikulidziwa. Ndinapita kukamufuna patapita chaka, pamalopo panali pataikidwa mpanda wina.

Ndinadzuka pa machira ndikutukwana m'Chichewa, thupi lonse likuyaka ngati masabata asanu aja abwerera pa mphindi imodzi. Nesi wina wachikulire, wa magalasi, anandigwira paphewa.

"Abambo, mawu amenewo ndinawamva komaliza kwa bambo anga, atadzimenya chala ndi hamala."

Anali Sisitala Mbewe. Anabadwira ku Atteridgeville, bambo awo anachokera ku Dedza kalekale ndipo sanabwererenso. Ku Malawi anali asanapondeko. Chichewa chawo chinali chakale, cha m'nyumba, chosakanikirana ndi Chipedi, koma chinandikwana.

Mawa lake pa nthawi yawo yopuma anabwera ndi kapu ya tiyi n'kukhala pambali pa bedi. Anandifunsa chimene chinachitika. Ine, ndi machubu m'mphuno, ndinafotokoza nzeru yanga yonse, ya mapazi khumi, monyadira ndithu. Ndinamaliza ndi kuti ndinangolakwitsa muyezo, koma nzeruyo inali yolondola.

Sanaseke. Anatenga pepala n'kujambula kabwalo, m'mphepete mwake n'kuikamo timizere.

"Aka ndi kaselo kamodzi ka mu ubongo wanu. Timizereti ndi timakomo. Ife timati marisepita. Tili mu ubongo, mu fupa la msana, m'matumbo. Mukudziwa chifukwa chake tilipo? Sanatiikire Sello wanuyo. Thupi limapanga mankhwala akeake, pang'onopang'ono, oziziritsa ululu ndi okhazika mtima pansi. Mukavulala amatuluka. Mukaseka ndi abale, mukaimba, amatulukanso. Amagogoda pa timakomoti, amapereka uthenga, amachoka."

"Ndiye nyaope?"

"Kiyi wake amalowa pa loko yemweyo. Koma iyo sigogoda. Imalowa ndi gulu, makomo onse nthawi imodzi, n'kukhala maola. Mawa yabweranso. Inu mukanakhala mwini nyumba mukanatani?"

"Ndikanatseka."

"Kaselo kamateronso. Poyamba kamagontha: khomo latseguka, koma uthenga ukalowa mkati palibe woulabadira. Kenako timakomo tina kamatizula n'kutilowetsa mkati. Ndiye muyezo wa dzulo lero upeza makomo ochepa, ndi ogontha. Mumawonjezera. Kaselo kamatsekanso ena."

Ndinati, "Ndiye amene ankakweza mtengo uja si Sello."

"Sello amangogulitsa ufa. Amene ankakweza ndi thupi lanu lomwe, podziteteza. Ndipo silithera pomwepo. Mankhwalawa ndi buleki: amachedwetsa matumbo, mtima, mpweya, zonse. Thupi likaona kuti buleki yapondedwa tsiku ndi tsiku, limaponda moto kuti galimoto iziyendabe. Tsono tsiku limene mwasowa mankhwala, buleki yachoka, phazi lili pamoto. Kutsegula m'mimba kuja, thukuta, miyendo kumenya, ndi galimoto imeneyo ikuthamanga yopanda woigwira."

Anamwa tiyi. Kenako ananena chinthu chimene sindinachifunse.

"Ndipo mankhwala a thupi lanu aja, aang'ono aja, akabwera kudzagogoda amapeza kotseka. N'chifukwa chake chakudya sichikoma, nyimbo sikoma, munthu akakupatsani moni simumva kanthu. Anthu anu amabwera kuno amati aliyense anawataya. Ena anawatayadi. Koma ena amakhala ali pakhomo pomwepo akugogoda."

Ndinayang'ana kudenga. M'maganizo ndinaona supuni ya phala ya achemwali.

"Tsono mutasiya masabata asanu," anapitiriza, "kaselo kanaona kuti gulu lija lapita. Kanabweza timakomo, kanatsegula makutu. Ndipo pansi pa ubongo, apa pamwamba pa khosi, pali malo amene amauza chifuwa kuti puma, puma, ngakhale muli m'tulo. Pamenepo palinso timakomo tomweti. Inu munabwera ndi muyezo wa munthu wa makomo otseka, n'kuuthira m'thupi la makomo otsegula. Malo aja anangogona. Chifuwa chinasowa wochiuza."

"Nanga munandidzutsa bwanji?"

"Jakisoni wina, nalokisoni. Ndi kiyi wolowa pa loko yemweyo koma satsegula. Amakankha mankhwala aja n'kukhala pakhomopo iyeyo. N'chifukwa chake munadzuka mukutukwana. Koma sakhalitsa m'thupi, ndiye takusungani kuti tione ngati mpweya subwereranso pansi."

Munthu wa msika safa msanga. Ndinati, "Komabe, Sisitala, mwavomereza nokha. Ukachokapo imatsitsa. Ndinalondola."

Anavula magalasi. "Inatsitsadi. Imatsitsira aliyense: wotuluka kundende, wotuluka kuchipatala, wochokera kumudzi kutchuthi. Ambiri amene yawatsitsira salowera khomo limene munalowera inu. Amalowera la kuseri, ndipo abale awo amayamba kuyenda ndi mbale kuti mtembo upite kwawo. Abambo, kumsika mukachokapo, wogulitsa amatsala pa tebulo. Uyu mukachokapo mumapita naye. Mukunenerera ndi ndani?"



Achemwali anabwera Lachinayi. M'thumba la shati yanga achipatala anapezamo nambala ya foni ya kunyumba ya mabwana, ndipo anaimba tsiku limene mabwanawo anafika. Anayankha ndi madamu. Ntchito sinathe, koma inatsala pa ulusi, ndipo anauzidwa kuti m'bale wawo akadzaonekanso pa geti, atenge katundu. Anaima kumiyendo kwa bedi ndi chikwama cha pulasitiki. Sanakhale pansi.

"Ndabwera kudzatenga kiyi."

Chingwe chinali mu kabati. Ndinawapatsa.

"Ndikufunse chimodzi, Filipo. Masabata asanu aja, pamene ndinkachapa zija, unkafuna kusiya n'kulephera? Ngati ndi choncho ndiuze. Munthu amagwa."

Anandipatsa okha khomo lotulukira. Bodza linali lokonzeka pa lilime, labwino, lotsika mtengo. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina ndinali nditatopa.

"Ayi, achemwali. Ndinkadikira kuti itsike mtengo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa za maliro amene ankawayembekezera. Anaika chikwama pabedi. Munali shati yoyera ija, imene anadzaitenga kwa manesi dzulo lake ine ndili m'tulo, yochapa, yosita. Anatuluka. Zaka zitatu sindinamve mawu awo.

Tsopano inu amene mwakhala kumbuyoko, amene mukuyasamula ndipo si tulo, ndikuuzeni zimene ndinachita. Si zozizwitsa.

Sisitala Mbewe ananditumiza ku malo ena othandiza anthu ngati ife, ndipo kumeneko ndinauza dokotala zoona zonse, muyezo weniweni, osachotsera. Ife timanenerera ngakhale ndi dokotala. Musatero. Anandiika pa mankhwala a mtundu womwewo koma oyenda pang'onopang'ono, amene amakhala pa timakomo tija mofatsa tsiku lonse, osakukweza kumwamba, osakugwetsa. Iye ndi amene ankachepetsa, pa miyezi, kuti phazi lija lichoke pamoto pang'onopang'ono. Ena amati kumeneko n'kusintha mowa ndi kachasu. Ine ndimati munthu wothyoka mwendo sanyozedwa chifukwa cha ndodo. Ena amayenda nayo nthawi yaitali kuposa ine, ndipo ali moyo.

Msana ndinakaupimitsa, chinthu chimene ndikanachita pachiyambi. Anandiphunzitsa zolimbitsa thupi ndi kanyamulidwe ka katundu. Njira ya ku siteshoni ija ndinaisiya, ndinkazungulira ulendo wa theka la ola. Ndinapeza ganyu ya m'gadeni ku Centurion. Ine Filipo wa ku Marabastad, kuzula udzu. Udzu sunenerera, ndiye tinkagwirizana.

Chovuta kwambiri sichinali kudwala. Chinali chaka choyamba, pamene thupi lachira koma dziko lonse lilibe mchere. Lamlungu ndinkakhala pakhomo pa kanyumba kanga kuyang'ana anthu akuchokera kutchalitchi awiriawiri. Palibe wobwera. Ndinkadziuza mawu a Sisitala, kuti makomo akubwerera, ndidikire. Tsiku lina ndinagula lalanje pamsewu, ndinasenda, ndinaluma, ndipo linakoma. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, madzi akutsika m'chigongono. Ndinafuna kuuza munthu. Panalibe womuuza. Sabata lomwelo ndinayamba kubwera ku gulu ngati lino, kuti lalanje lotsatira ndidzakhale ndi womuuza.

Ndipo ichi muchigwire ngakhale muiwale zina zonse. Ngati mwasiya masiku, kaya mwafuna kaya anakutsekerani, thupi lanu si lija lakale. Muyezo umene munkauseka ungakuphe. Ndikupempha kuti musabwerere. Koma mukaterereka, musakhale nokha kuseri kwa mpanda ngati ine, ndipo musaphatikize ndi mowa kapena mapiritsi a tulo, poti onsewo amaponda buleki imodzi. Mnzanu akayamba kuliza mkonono wodukaduka, osadzuka mukamugwedeza, milomo yasintha, timwana ta m'maso tachepa ngati nsonga ya singano, musati akupuma. Mugonekeni cham'mbali, itanani ambulansi, musachoke. Mapepala ndi nkhani ya mawa. Mayi wa chimanga sanandifunse pasipoti.

Achemwali ndinkawalembera kalata Khirisimasi iliyonse, yaifupi, yopanda pempho. Sankayankha. Chaka chachitatu, mayi wina wa kutchalitchi kwawo anandipeza ku gulu n'kuti, "Akuti Loweruka mukawapeze ku Marabastad, pa sitolo ya makina osokera."

Ndinavala shati yoyera ija. Ndinawapeza ataima pakhomo pa sitolo, imvi zitayamba m'mutu.

"Wanenepa," anatero.

"Ndi udzu wa ku Centurion, achemwali."

"Ndikupita kumudzi mwezi wa mawa. Basi, ndatopa nayo Joni. Ndikufuna makina oti ndizikasokera mayunifolomu. Akuti umadziwa kuona abwino."

Tinalowa. Mwini sitolo anali mdala amene ndinamuliritsa kambirimbiri kale. Atandiona anagwira kumutu. Ndinasankha makina akuda, olemera, opalasa ndi phazi. Ndinayesa gudumu, ndinamvetsera kulira kwake. Mdala anatchula mtengo, wokwera mwadala, poti ankadziwa mwambo. Thupi langa linayamba lokha. Ndinasisita makinawo, ndinausa moyo, ndinatembenukira kukhomo. Phazi loyamba, lachiwiri.

Mawu amene anabwera kumbuyo sanali a mdala.

"Filipo. Ukatuluka pakhomopo, ine sindikuitana."

Sanakweze mawu. Ankayang'ana makina, osati ine. Mdala anali atatsegula kale pakamwa kuti aitane, ndinkamuona pagalasi la chitseko. Mapazi ena atatu okha, mtengo ukanagwa, ndipo ulusi ndi singano zikanabwera za banyira. Ndinkadziwa ngati mmene ndimadziwira dzina langa.

Ndinabwerera. Ndinati, "Tiwatenga pa mtengo womwewo." Ndalama zimene achemwali anakonza zinaperewera, ndipo zotsalazo zinachokera m'thumba la wozula udzu. Mdala anandiyang'ana ngati ndadwala. Kenako anayamba kuseka, anaitana wa sitolo yoyandikana kuti adzaone, akuti lero wamugwetsa Malawi pa mtengo woyamba, wopanda ngakhale ulusi umodzi. Nkhaniyo akuifotokozabe mpaka pano, ndipo chaka chilichonse mtengowo umakwera.

Makinawo ndinawanyamula ndekha, mawondo opinda, msana wowongoka, monga anandiphunzitsira. Tili pa mzere wa takisi, achemwali anatsegula chikwama, anatulutsa chikondamoyo chokulunga m'pepala, ananyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Sananene kuti akhululuka, ndipo mpaka lero sananenepo. Anangoti, "Lamlungu ubwere kutchalitchi, tikaweruka tikadyere kwa Mayi Phiri, aja anakupeza ku gulu. Ku geti kuja usafike." Anapita mwezi wotsatira. Masiku ano Lamlungu ndimakhalabe ndekha nthawi zambiri, koma foni ikalira madzulo ndimamva makina aja akulira kumbuyo kwa mawu awo.

Mdala wa ku Marabastad akuti anapambana ndi iyeyo. Bra Sello, ndikumva, ali ndi makasitomala atsopano ndipo nsapato zake zikadali zoyera. Ine ndinataya zaka, dzina, ndi ulusi waulere. Inu mwakhala pamsika umenewu, mitengo yake mukuidziwa. Ndiuzeni, pa sitolo paja tsiku lija, anapambana ndani?